Ndapenta khoma la eni ake

Lolemba
Khonsolo ya tchalitchi ikumana Loweruka kuti ione ngati Amalawife tipitirize kupempheramo Lamulungu masana. Akuti timasiya nyenyeswa za mandasi. Ife? M'tchalitchi momwe khoma la pafupi ndi guwa lili bii ngati la m'khitchini? Mayi Margaret, gogo wosunga makiyi, akuti panagwa bomba nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondoyo inatha agogo anga asanakwatiwe, koma Handsworth yonseyi, dera lathu kuno kwa Azungu, mpaka lero sinapeze burashi.
Ndiwaonetsa kasamalidwe ka nyumba ya Mulungu, atisiyire malo athu. Zofunika: mopu, bulichi, burashi ya waya, anthu khumi.

Lachiwiri
Pagulu lathu la pafoni anthu 23 ayankha "Amen". Obwera: ine.
Bana Mwila a ku Zambia: "Nili pa shift, mami." Bambo Kamanga, a madigiri awiri aja: "Tiyambe tapanga form committee." Committee yogwira mopu!
Mayi Margaret andibwereka kiyi akumwetulira. Ndangowauza kuti ndikufuna kusesa.

Lachitatu
Maola atatu ndikukwecha khoma. Mwaye sukuchoka, chimene chikuchoka ndi khungu la zala zanga. Bulichi wandionongeranso chitenje cha chigwirizano. M'munsi mwa khomalo muli kachitsulo kolembedwa tizilembo ngati nyerere. Magalasi ndasiya kunyumba, ndipo sindinabwerere kuwerenga.

Lachinayi
Zitini ziwiri za penti woyera, pa basi, ndekha. Msana ukuwawa, palibe wondipatsa mpando.
Ndapaka kawiri. Khoma mbee! Ndatumiza chithunzi pagulu, onse 23 akuombera m'manja. Bambo Kamanga: "Mwatiimirira, mayi." Manja oombera ali nawo.

Lachisanu
Mayi Margaret alowa ndi maluwa, aima, akhala pansi pabenchi. Kenako akundiuza pang'onopang'ono kuti bambo awo anafera pomwepo akuzimitsa moto wa bomba lija, iwo ali khanda. Pomanganso tchalitchi, anthu anagwirizana kusiya mwayewo dala. Ndi zimene kachitsulo kaja kakunena.
Ndapsa mtima. Bwanji osandiuza Lolemba? Nkhani yaikulu chonchi n'kuilemba tizilembo totere? Ndipo sakukalipa n'komwe. Akanakalipa, ndikanapeza poyankhira.

Loweruka
M'mawa ndalawirira ndi thumba la makala ootchera nyama kuti ndibwezeretse kuda kuja. Sizikufanana. Zikuoneka ngati mwana wajambula mvula. Wansembe andipeza ndili pamwamba pa mpando, khala kumanja. Andipempha mwaulemu wonse kuti nditsike, ndibweze kiyi, ndisakhudzenso kanthu. Ulemu wa anthu awa umapweteka kuposa mbama.
Khonsolo yagamula: kubwera katswiri kudzaona ngati pentiyo angachoke osaononga mwaye. Amalawi tiyambe tapuma kaye. Mpaka liti, sananene.
Bambo Kamanga: "Paja ndinanena za committee." Ena akufufuta mauthenga awo a Lachinayi. Ndikukuonani.

Lamulungu
Tikupemphera pabalaza pa Bana Mwila ku Longbridge. Onse 23 abwera, ena akhala pamasitepe. Lero palibe ali pa shift. Tikuimba chonong'ona kuopa aneba, ng'oma yatsala m'galimoto. Popereka moni aliyense akundigwira nsonga za zala.
Ndimafuna kuimirira ndiwauze mawu. Ndangokhala.
Kwathu ku Dowa, chipewa cha malemu bambo anga chinkakhala pamsomali kuseri kwa chitseko, thukuta lawo lili momwemo. Mlamu wanga atachichapa, akuti amathandiza, sindinamuyankhule zaka ziwiri.
Foni ikulira m'chikwama. Ndi Mayi Margaret, kachiwiri tsopano. Ndikungoiyang'ana.