Alamu Anga ndi Chipsera cha Pabalaza

Alamu anga popereka moni sankayang'ana nkhope, ankayang'ana mapazi. Ukakumana nawo panjira maso awo ankayambira kunsapato n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo pofika kumaso amakhala atakuweruza kale. Mumsewu mwathu ankadziwika kuti a Vulani, chifukwa mawu awo oyamba pakhomo lililonse, ngakhale la eni ake, anali akuti, "Vulani nsapato."

Anali achimwene a mkazi wanga, ndipo ntchito yawo inali yoyala pansi m'nyumba za anthu: matabwa, lamineti, kapeti wa pulasitiki. Ntchitoyo ankaidziwa, pamenepo sindingatsutse. Chimene ndimakana mpaka lero n'choti munthu akakuyalira pansi ndiye kuti wakulanda nyumba. Tsiku limene anamaliza kuyala matabwa pabalaza panga, ine nditangopuma pa ntchito ya uphunzitsi, anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Alamu, denga ndi lanu, makoma ndi anu. Pansipa ndi panga. Inu mwangobwereka."

Ndinaseka. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti ndinasekeranji.

Loweruka lililonse m'mawa ankatulukira osaitanidwa, thumba la jekete lodzaza tizidutswa ta bulangete lakale ndi kabotolo ka guluu. Ankagadabuza mipando yanga ngati akuyeza mbuzi pamsika, n'kumata tizidutswato kunsi kwa miyendo. Akatero ankagona chafufumimba, tsaya lili pathabwa, diso limodzi chotsinzina, kuti kuwala kwa pazenera kuwaululire machimo athu a sabata yonse. Ine ndinaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu, koma munthu amene sekondale anangoinunkhiza ankandiphunzitsa m'nyumba mwanga momwe kuti mchenga ndi wolimba kuposa vanishi.

"Kamchenga kamodzi kunsi kwa nsapato ndi mpeni, alamu. Muzisesa kaye musanakolope."

"Zimenezo ndinkaphunzitsa ana inu musanagwire hamala."

"Ndiye munaphunzitsa ana n'kudziiwala nokha."

Sindinali ndekha wozunzika. Anamwino okhala moyang'anizana nafe anawayalira lamineti. Tsiku lina a Vulani akudutsa anamva madzi kuti khuu! m'nyumbamo. Analowa opanda odi.

"Mayi, mukusambitsa ndani?"

"Ndikukolopa, bambo."

"Kukolopa kapena kubzala mpunga? Lamineti m'kati mwake ndi utuchi wopanikiza. Akamwa madzi amatupa ngati phazi la odwala anu aja, ndipo alibe jakisoni."

Analanda chikolopa n'kuchifinya mpaka chinatsala pang'ono kupepesa. Ndowa anapita nayo kwawo, n'kudzaibweza patatha masabata awiri anamwinowo atalonjeza kusintha khalidwe.

Zimenezo ndinaseka nawo. Zimene sindinaseke n'za wophunzira wanga wakale, amene tsopano ndi woweruza milandu. Anabwera pagalimoto kudzandithokoza, chinthu chimene chimachitikira mphunzitsi kamodzi pa moyo wake. Mwatsoka linali Loweruka.

"Vulani nsapato, bwana."

"Alamu," ndinawanong'oneza, "awa ndi oweruza."

"Kukhothi aweruza iwo. Pano ndiweruza ine."

Munthu wamkulu uja anavula, ndipo chala chachikulu chinasuzumira pa sokosi yobooka. Ola lathunthu anakhala phazi lina litaphimba linzake, tiyi osamumva kukoma. Sanabwerenso. Mlandu umenewu ndinausunga.

Koma nkhondo yeniyeni inayamba ndi chipsera. Madzulo ena dzuwa linasamuka pamene ndinkawerengera nyuzipepala. Mawa lake panapezeka mzere woyera pamatabwa, wautali ngati mkono, kuchokera pamene mpando wanga unkakhala mpaka pazenera. Loweruka litafika a Vulani sanafunike n'kugona pansi komwe. Anaima pakhomo, nsapato zili m'manja, nkhope ngati munthu amene wapeza mwana wake atamenyedwa.

"Wachita ndani?"

"Galu wa oyandikana nawo. Analowa chitseko chili chotsekula."

"Galu wa chikhadabo chimodzi?"

"Agalu amasiyana."

"Woyenda mowongoka chonchi, kuchokera pampando wanu kukawerenga nyuzi pazenera?"

Anagadabuza mpandowo. Kachidutswa ka mwendo umodzi kanali katamatuka. Anandiyang'ana, ulendo uno kumaso.

"Alamu, ntchito imeneyi ndi ya mphindi makumi awiri. Mungonena kuti, 'Ndinakoka mpando m'malo mounyamula.' Mawu asanu okha, ndikonza lero lomwe."

Mkazi wanga anatsokomola kukhitchini. Ine ndinati ndi galu. Munthu amene wakhalapo mphunzitsi wamkulu savomera mlandu pamaso pa munthu wogona chafufumimba m'nyumba za eni.

Chipsera chimenecho chinakhala zaka zisanu ndi zinayi, ndipo palibe chimene sindinayese. Ndinachiphimba ndi chopondera cha labala kunsi. A Vulani anachichotsa, ati labala amasiya banga lachikasu. Ndinapakapo polishi wa nsapato, mzere woyera unasanduka wakuda ngati msewu pamapu, ndipo ananunkhiza ali pageti. Ndinaitana mmisiri wina wochokera kutali, woti sangawadziwe. Anagwada, anasisita thabwa, anayang'ana m'molumikizira, kenako anayamba kulongedza zida zake.

"Madala, apa panayala a Vulani. Ine ndili ndi ana."

Loweruka lililonse moni wawo unali umodzimodzi. "Mwadzuka bwanji, alamu? Nanga galu uja?" Alendo akabwera ankawatenga kukawaonetsa mzerewo ngati malo okopa alendo. Adzukulu anga anakula akudziwa kuti pabalaza pa agogo panadutsa galu wophunzira. Mkazi wanga ankangoti, "Abambo, mawu asanu sangakuthyoleni nsagwada." Ine ndinkayankha kuti nkhani si nsagwada, nkhani ndi ulemu. Chipseracho ndinkachiona ndikadzuka, ndikamadya, ndikamapemphera. Ndinkafuna chichoke kuposa mmene ndinafunira chinthu china chilichonse, koma osati pa mtengo umenewo.

Chaka chatha a Vulani anadwala chifuwa, mwina chifukwa cha fumbi la matabwa la moyo wonse. Loweruka loyamba limene sanabwere ndinavala nsapato pabalaza tsiku lonse. Lachiwiri ndinavala theka la tsiku. Lachitatu mkazi wanga anandiuza kuti madokotala agwedeza mitu, ndipo ndinavala jekete n'kupita kuchipatala. Mawu asanu aja ndinayenda nawo ali okonzeka pakamwa.

Ndinawapeza atatha ngati chingwe, botolo la madzi lili pamkono, koma khosi atalitulutsa m'mphepete mwa bedi, akukangana ndi mayi wokolopa.

"Finyani, mayi, finyani! Pulasitiki uyu madzi akalowa m'molumikizira guluu amasiya. Mudzapha anthu pofuna ukhondo."

"Agogo, inu mungodwala, zokolopa musiyire ife."

Atandiona anayamba ndi kumapazi, monga mwa masiku onse.

"Alamu. Mwabwera ndi chiyani?"

"Malalanje."

"Basi?"

"Ndi nkhani ya galu uja."

Maso awo anawala. Anayesa kudzuka. Ndipo kuwala kumeneko n'kumene kunandilakwitsa, chifukwa ndinaona kuti munthuyu wakhala akudikira tsiku limeneli ngati mwana wodikira maswiti, ndipo mtima wanga wakale uja unadzuka.

"Ndimati, galu uja anafa," ndinatero.

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, mayi wokolopa n'kundiyang'ana moipa.

"Sanafe, alamu. Ndikumuona. Wavala tayi." Anapuma pang'ono. "Akaphunzira kulankhula abwere. Ndilipo."

Ndinatuluka ndikudziuza kuti ndibwera mawa. Mawa lake sanalipo. Munthu amene zaka zonsezi asanadwale sanaphonyepo Loweruka limodzi analephera kundidikira tsiku limodzi lokha, ndipo musandiuze kuti sanachite dala.

Patatha mwezi chichitikire maliro, akazi awo anabwera ndi kachitini ka mabisiketi kochita dzimbiri. Ati anakapeza pashelefu ya zida. M'katimo munali sandipepa wosalala, kaburashi, kansalu koyera, ndi kabotolo ka vanishi wosakaniza kuti afanane ndendende ndi matabwa anga. Pachivindikiro analembapo ndi pensulo ya ukalipentala, zilembo zopendekeka zimene m'kalasi mwanga zikanalandira chikwapu: "Za alamu, akavomera." Vanishiyo sanali wouma. Akazi awo ati chaka chilichonse ankataya wakale n'kusakaniza wina.

Tsopano mumsewu mwathu muli ufulu, ndipo taonani zimene ufulu wachita. Anamwino anabwerera ku ndowa yawo, lamineti watukumuka m'mphepete ngati buku logwera m'madzi. Atelala a pakona amalola makasitomala kulowa ndi nsapato za gogoda, kapeti wawo wa pulasitiki wadzaza timaenje ngati munadutsa nkhuku. Anthu akukoka mafiriji, akukoka masofa, phokoso lake limandipeza ndili pakhonde, ndipo palibe wotuluka kukawakalipira. Mlungu watha ndinazindikira ndili pageti la eni ndikukuwa kuti, "Nyamulani, musakoke!" Mnyamata wa m'nyumbamo anandifunsa kuti ndine ndani. A Vulani palibe amene ankawafunsa zimenezo.

Loweruka lapitali ndinavula nsapato, ndinasesa, ndinaika kachitini pafupi ndi chipsera, n'kugwada. Mawondo analira. Ndinayang'ana kukhomo, kenako ndinanena mokweza ngati ndili pamzere wa ana asukulu.

"Ndinakoka mpando m'malo mounyamula."

Mkazi wanga anasuzumira kuchokera kukhitchini.

"Mukuuza ine, abambo? Ine ndinalipo."

Ndinawerenga pa zala. Mawuwo ndi anayi. Zaka zisanu ndi zinayi munthu ankandiumiriza mawu asanu pamene ndi anayi, ndipo wapita ndisanamukonze.

"Ndiye pakani tione," anatero mkazi wanga.

Ndinagwira kaburashi, ndinakayang'ana, n'kukabwezera m'chitini. Ndinatseka chivindikiro. Pansipa si panga, ndipo eni ake sanamve.