Mmene ndinagwetsera mfumu yanga ndekha

Sutu imene mayi a kunyumba anandisitira ya ulendo wa ku Ndola ikadali pa hang'ala. Musandifunse kawiri, ndine munthu wosachedwa kupsa mtima.

Kalabu yathu ya chesi ya ku Kabwata imafuna munthu mmodzi wokaiimira ku mpikisano wa ku Ndola. Tinatsala awiri, ine ndi Ba Yusufu, mdala wofatsa wogulitsa nsalu ku Kamwala. Ine ndili ndi kayambidwe kangakanga: nditangosuntha asilikali awiri, ndimatulutsa kwini kukaopseza anthu. (Odziwa amati ndi uchitsiru, koma pa bala pathu kamandidyetsa.)

Kwini wanga anayendayenda, mahachi nawo analowa m'dera la mdala. Kenaka kwini uja ndinamuika pamalo ena mosayang'ana bwino. Ba Yusufu anasuntha bishopu, kwini wanga psiti!

Anthu anayamba kuunjikana pa tebulo pathu, akunong'onezana. Ndinati basi, abwera kudzaseka. Magazi anakwera, ndinagwetsa mfumu yanga ndi chala, kusonyeza kuti ndagonja, n'kupereka dzanja. Mdala analandira dzanjalo thukuta lili kamukamu.

Tsono pa chesi pali mwambo woti mukatha mumabwerezanso masewerawo pamodzi, kuona pamene panalakwika. Ndinakhala ndi nkhope yothina. Ba Yusufu anabwezera zonse mwakale mpaka pamene anadya kwini.

"Ba Phiri," anatero, "nanga munagonjela chani?"

"Simunaone kuti mwanidyela kwini?"

"Ine n'naganiza munanipasa dala. Onani."

Anagwira hachi yanga, yangayanga, n'kuidumphitsa kamodzi. Bishopu uja pochoka kukadya kwini anali atasiya khomo pululu. Mfumu yawo inalibe kothawira, itapanikizidwa ndi asilikali ake omwe. Chekimeti.

Ndinayang'ana. Ndinavula magalasi, kupukuta, kuyang'ananso.

"Ise tinabwela kuzaombela m'manja," anatero mlamu wanga Daka, amene anali pagulu lija. "Tinati lelo ba mulamu asewela monga mzungu wa pa TV. Kansi munali mu tulo?"

Ndiye kuti chinthu chanzeru koposa chimene ndachitapo pa chesi ndinachichita mwangozi, ndipo m'holo monse ndine ndekha amene sindinachione.

Ba Yusufu anandigwira paphewa. "Mukazikhalako pansi mtima, mwana wanga. Muziyamba mwayang'ana."

Malangizo abwino zedi. Ndinawamva bwinobwino, ndinagwedeza mutu, kenaka ndinamenya tebulo ndi chibakera. Hachi ija mpaka lero sinapezeke.