A Mikayeli ndi Datisani Yawo Yosalira

Ku Nachisaka konse kunali munthu mmodzi yekha amene ankatsuka galimoto asanasukusule, ndipo munthuyo anali alamu anga, malemu a Mikayeli Kamphanje. Galimotoyo sinkayenda. Koma m'mawa uliwonse ankaipukuta mpaka waliwali, n'kulowamo, n'kugwira chiwongolero, kenaka n'kuliza injini ndi pakamwa. Ankayamba ndi kutsokomola kawiri, "khu, khu," kenaka "vuruuu" wochokera pansi pa mimba, n'kumasintha magiya mpaka yachinayi. Atambala a m'mudzimo anachita kusowa ntchito.

Inali Datisani yakalekale ya ku Japani, ya mipando iwiri yokha, yamphuno yaitali, yofupika moti ukakhalamo umaona ngati wakhala pamphasa. Anaipeza ku esiteti ya fodya komwe anakonzako mathirakitala zaka makumi awiri. Mwini wake atachoka inasanduka khola la nkhuku, ndiye iwo anaipempha n'kuikoka ndi ng'ombe zinayi mpaka kumudzi, mazira awiri akadali pampando.

Akazi awo, mlongo wanga Susana, anaizungulira kamodzi manja ali m'chiuno.

"Mipando iwiri? Nanga feteleza tidzaika pati?"

"Mayi, iyi si ngolo. Iyi ndi ya liwiro."

"Liwiro lopita kuti?"

"Liwiro safunsa kopita."

Anali ndi magazini yong'ambika ya ku Joni yokhala ndi zithunzi za magalimoto ampikisano, ndipo chilichonse chimene anaonamo ankafuna chikhalenso pa yawo. Ekizozi anapanga ndi paipi ya mjigo wakufa. Lamba anapempha kuchigayo. Mipando anaikuta ndi zikopa za mbuzi, moti dzuwa likaomba galimoto yonse inkanunkha tonde. Tsiku lina anazula lata pakhitchini n'kulipinda kukhala phiko lakumbuyo, ati kuti ikamathamanga isauluke. Susana anaphika dzinja lonselo atafunda thumba kumutu.

Chisankho cha 1994 chitayandikira, alamu anaipaka penti yachikasu. Paja nthawi imeneyo ngakhale mtundu wa malaya unkakufunsitsa mafunso. Sipanathe masiku awiri, kunabwera akuluakulu atatu a chipani china, nkhope zili gwaa.

"A Kamphanje, mwatisiya kodi?"

Iwo anatenga mpeni n'kupala mkati mwa chitseko. "Taonani penti yoyambirira. Iyi inabadwa yachikasu zipani zisanabadwe."

"Nanga muvotera ndani?"

"Amene adzasalaze msewuwu. Galimoto yangayi ndi yofupika."

Pofika chaka chotsatira zonse zinali m'malo, kupatula kachipangizo kamodzi kotchedwa disitibyuta, kamene kamagawira moto ku mapulagi. Ku Lilongwe ankangopeza ya mapulagi anayi, pamene yawo inali ya mapulagi asanu ndi limodzi. Analembera mwana wa mlongo wawo, Elia, amene ankagwira ntchito pa galaja ku Joni, ndipo Elia anayankha kuti atumiza.

Podikirapo anati ayese mabuleki. Unali mwezi wa Malichi, fodya ali m'zigafa, msewu uli tererere ndi mvula. Amuna asanu anaikankhira pamwamba pa chitunda, ndipo ine, mphunzitsi wathunthu wokhala ndi setifiketi, ndinavomera kukwera nawo. Tinayamba bwinobwino. Titafika pa mtengo wa mango ndinaona mwendo wawo ukupopa pansi ngati akusoka pa makina.

"Alamu, pondani mabuleki!"

"Ndaponda kale katatu!"

Tinadutsa m'dimba la mpiru, tinamwaza abakha, n'kukalowa m'chigafa cha a Benjamini mbali iyi, mphuno n'kutulukira mbali inayo. Ine ndinatuluka chokwawa ndikutchula mayina a ana anga. Alamu anatuluka fodya ali m'khosi, mano onse pamtunda.

"Mwaona alamu? Imeneyotu ndi yopanda injini!"

Madzulo ake Susana anandipeza kusukulu. Apa ndiye payambira mlandu wanga. Makalata a mudzi wonse ankadzera m'bokosi la sukulu yathu, ndipo ndine ndinkapalasa njinga Lachisanu lililonse kukawatenga ku positi.

"Achimwene," anatero, "chinthu chija chikabwera, chisafike."

"Iyayi, achemwali. Paja wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima."

"Mphenziyo mwaikwera lero. Mukufuna ndikhale namfedwa?"

Ndinavomera. Ndimakonda kunena kuti ndinachitira mlongo wanga, koma zoona zake n'zakuti ndinkadziwanso amene adzakhale pampando wachiwiri uja.

Phukusilo linafika mu Juni, lolemera ngati mwala wonolera. Ndinalisainira ndekha, n'kukaliika pamwamba pa kabati mu ofesi, kuseri kwa makope. Nditafika pamphambano ndinapeza alamu atakhala pachitsa, sipanala ili m'thumba la malaya.

"Aphunzitsi, kwabwera kanthu?"

"Palibe, alamu."

"Chabwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Lachisanu lotsatira anali pomwepo, linalo chimodzimodzi. Poyamba ankanena apositi. Kenaka anati ndi ufulu watsopanowu, ati masiku ano ngakhale katundu ali ndi ufulu wopita kumene akufuna. Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka nawo, mwinanso kuposa onse.

Elia analemba kuti anatumiza kalekale. Alamu anamuuza kuti atumizenso, ndipo mwana wa eni ake anatumizadi. Lachiwirilo ndinaliika pambali pa loyamba. Bodza likakhala lokha limasungulumwa, limaitana linzake.

Kuchokera pamenepo nkhani inasiya kukoma. Alamu analemba kalata yaukali, ndipo anandiwerengera asanaimate. Anati Elia, mwana amene iwo anamuphunzitsa kugwira sipanala, wasanduka wabodza, ndipo asadzawatchulenso kuti malume. Kalatayo ndinakaiponya ndi dzanja langali. Elia sanayankhenso.

Ndinapita kwa Susana. "Achemwali, tiwapatse basi."

"Mabuleki akonza?"

"Akuti akonza."

"Akuti. Mukayese ndinu."

Ndinabwerera kusukulu.

Chaka cha 1997 alamu anayamba kudwala. Anagona m'chipatala ku Mtengowanthenga milungu itatu, n'kubwerako atatha ngati bango. Galimoto ankaipukutabe, koma injini ya pakamwa ija inkathera pa "khu, khu," osafikanso pa giya yoyamba. Lachisanu lina sindinawapeze pachitsa. Ndinapita kunyumba, ndipo ndinawapeza atagona pakhonde pomwe ankaionera Datisani yawo.

"Aphunzitsi, kwabwera kanthu?"

Susana anali pakhomo, maso ali pansi. Ndikanatha kukwera njinga, kusukulu n'kufupi. Koma ndinaopa nkhope yawo, ndinaopa kuti adzandiyang'ana bwanji.

"Palibe, alamu."

Anagwedeza mutu. "Basi. Mumulembere Elia. Mumuuze kuti ndamukhululukira. Ku Joni n'kovuta, mwina anachita manyazi kunena kuti zamukanika." Anapumira kaye. "Koma inu, alamu, ndakuvutitsani. Zaka ziwiri kupalasa njinga chifukwa cha ine. Mulungu akudalitseni."

Dalitso limenelo limandiwotcha mpaka lero. Anamwalira Lachiwiri.

Elia anafika maliro ataikidwa kale. Achibale anamulonjera ndi nsonga za zala, ena n'kumanong'ona kuti wabodza uja wabwera. Iye anatulutsa m'chikwama timapepala tiwiri ta ku positi n'kumaonetsa aliyense, misozi ili mbwembwembwe, koma palibe anafuna kuwerenga. Apo ndinalephera kupirira, paja mlandu suola. Ndinapita kusukulu, ndinatsitsa maphukusi awiri aja, fumbi lili tolo, n'kukawaika pamiyendo pake anthu onse akuona.

"Anafika onse awiri," ndinatero. "Ndinabisa ndine."

"Ndinawatuma ndine," anatero Susana.

Ndinkayembekeza chibakera, ndipo chikanandipepukira. Koma Elia anangoti, "Sipanala za malume zili kuti?"

Anazitenga n'kupita pa Datisani ija. Anamanga kachipangizo kaja, anathira petulo wa m'botolo, anabwereka batire ya galimoto imene ankalizira wailesi a Benjamini, omwe aja a chigafa. Anaika miyala kumatayala onse anayi, poti mbiri ya mabuleki anali ataimva. Kenaka anapotokola kiyi.

Inatsokomola kawiri. Khu, khu. Kenaka vuruuu, wochokera pansi, wonenepa, wogwedeza lata lija lakumbuyo. Anthu amene anali pa siwa anaimirira onse. Palibe anaseka, chifukwa tonse tinawazindikira mawuwo. Anali omwe aja a m'mawa uliwonse, osasiyana ngakhale pang'ono. Zaka zonsezo tinkati alamu akuchita masewera, pamene iwo ankatiuza ndendende mmene idzalirire.

Susana anagwira chitseko cha galimoto. "Zimitsani," anatero. Elia atatambasula dzanja, anamugwira mkono. "Ayi. Isiyeni pang'ono."

Inalira mpaka petulo anatha.

Elia anabwerera ku Joni osanditsanzika, ndipo sindimudandaula. Datisani ikadali pomwepo, nkhuku zinabwereramo. Susana amaipukuta Loweruka lililonse, ndipo salola munthu kuchotsa phiko lija ngakhale khitchini ikudonthabe. Masiku ano ku Nachisaka kumacha mwakachetechete, anthu amadzuka ndi atambala ngati kwina kulikonse. Makalata ndimakatengabe ndine. Koma ndikafika pamphambano ndimatsika njinga n'kudutsa chokankha, maso kumbali, chifukwa chitsa chija palibe anachizula, ndipo palibe amakhalapo.