Mfuti Yanga ndi Nkhunda za Apongozi

Mukadzamva kuti cha ku Mkanda kuli mkamwini amene anakhala masiku atatu pansi pa khola la nkhunda, mbale ya madeya ili m'manja, ali duu ngati namfedwa, musavutike kufufuza. Ndine. Ndipo chinandikhazika pamenepo ndi mfuti.

Ndiyambe ndi kuvomera kuti ndili ndi mtima wapachala. Sukulu ndinasiyira Fomu 1 (za mmene desiki ija inathyokera tisazikambe lero). Nditakwatira Nambewe n'kupita kuchikamwini, mbiri yanga inali itafika kale ine ndisanafike. Apongozi anga, amayi ake a Nambewe, sananene kanthu. Nditangomaliza kufolera nyumba, anatumiza nkhunda m'dengu, mbewu ya zomwe ankaweta malemu amuna awo. Ine ndinkayesa mphatso chabe. Nambewe ndiye anandimasulira.

"Nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu, bambo. Amayi sangalowe m'nyumba muno kudzaona mmene tikukhalira, ndiye maso awo awaika pakholapo."

Zaka ziwiri ndinaugwira mtima. Ukandivuta, ndinkapalasa njinga kukakalipira mitengo kudambo. Nkhunda zinaswana, khola linadzaza. Apongozi akamadutsa, ine n'kupatukira kuseri kwa nkhokwe monga mwa ulemu, ankayang'ana kukhola, kugwedeza mutu, n'kumapita.

Tsono ntchito yanga ndi ya kabaza, ndimanyamula anthu ndi katundu kuboda. Tsiku lina dalaivala wa thiraki, wa ku Chipata, anandikodola n'kutsegula kabokosi pansi pa mpando. Abale, mfuti! Ya m'manja, yakuda bii, yaikulu ngati ya apolisi a m'mafilimu.

"Ni ya mphepo chabe, boyi," anatero. "Iponya tunsimbi tung'ono. Koma kawalala akaiona azathawa, asiye na nsapato."

Nditaigwira, inali yolemera kuposa mmene ndinkaganizira, yozizira, chogwirira chake chokhakhala ngati chitsononkho. Dzanja lonse linadzaza. Ndinamva ngati ndatalika. Ndinadziuza kuti ndi yotetezera Nambewe, yemwe nthawiyo anali woyembekezera (bodza lenileni: pamudzi pathu chimene chinabedwapo ndi anapiye, ndipo wakubayo anali kabawi). Ndalama za mtedza zinathera pomwepo.

Ndinaikulunga m'thumba la feteleza n'kuibisa kudenga. Lachitatu, Nambewe atapita kusikelo, anthu ali kumadimba, ndinati lero ndi lero. Ndinaika chitini cha mafuta ophikira pachitsa n'kubwerera m'mbuyo mapazi khumi. Zoti kuseri kwa chitsacho kuli khola la nkhunda, lofolera ndi lata lakale, maso anaona koma mutu sunalandire.

Ndinatsinzina diso limodzi, n'kukoka. Phaa! Mfuti inadumpha pang'ono m'manja, ndipo kukoma kwake ndinakumva mpaka kumsana. Koma chitini chili chiimire. Kachiwiri, phaa! Fumbi uko. Kachitatu, kachinayi, kachisanu, chimodzimodzi. Chitini chinkangondiyang'ana. Anzanga, palibe chinthu chamwano padziko pano ngati chitini chimene wachiphonya kasanu.

Apa ndiye munthu wakale uja anadzuka. Ndinayamba kuchitukwana chitinicho, mtundu wake wonse, ndi fakitale imene inachipanga. Kuloza ndinasiya, ndinkangokoka. Kenako ngwee! Kachitsulo kamenya lata. Ngwee! Kenanso. Nkhunda zonse phuu! Zinazungulira kamodzi pamwamba pa mudzi n'kulunjika kumadzulo. Chitini ndinachimaliza ndi chidendene.

Tsiku limenelo sizinabwerere. M'mawa mwake khola lili zii. Nambewe atafunsa, ndinati mwina kwadutsa mphaka.

Kumudzi nkhani sichedwa. Wina anamva kutukwana kuja ali kudimba, wina anaona nkhunda zikuthawa, ndipo pofika Lachisanu kumjigo inali yoti mkamwini uja wayamba kumenya mkazi woyembekezera. Nambewe ankakana, amayi ake n'kumati, "Onse amakana choncho, mwanangu." Loweruka ndinamva kuti atumiza uthenga kwa atsibweni ake a Nambewe, eni mbumba. Amene mumachidziwa chikamwini mukudziwa kumene zoterezi zimathera: mwamuna amapinda bulangete lake n'kubwerera kwawo, mkazi ndi mwana n'kutsala.

Nambewe anakhala pamphasa, manja ali pamimba. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Bambo, ine ndikudziwa kuti simunandikhudze. Koma nkhunda zapita, ndipo inu masiku ano mukulephera kundiyang'ana. Ndiuzeni zoona, kubodako kuli mkazi wina?"

Ndinakwera pampando n'kutsitsa thumba lija. Anayang'ana mfuti, kuyang'ana ine, kuyang'ananso mfuti.

"Ndiye mkazi mnzanga ndi ameneyu?"

Anaseka mpaka misozi, koma kuseka kutatha misozi inapitirira. "Pitani mukawauze amayi nokha."

Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi. Ndinakagwada kuseri kwa khitchini yawo, iwo ali mkati akutonola chimanga, pakati pathu chipupa, Nambewe ataima pakhomo. Ndinafotokoza zonse, dalaivala, mtedza, chitini. Kutonola kunasiya.

"Akamwini, ndiye kutukwana konse kuja mumatukwana chitini?"

"Eya, amayi."

"Chinakulakwirani chiyani?"

"Sichimagwa, amayi."

Kenako ndinamva kachifuwa kokayikitsa, kokhala ngati munthu akubisa kuseka m'chitenje. Atayankhulanso, mawu anali ofewa.

"Nanga mwana akubwerayu, tsiku limene adzakane kumva, mudzatani? Chitinitu sichiyankha. Mwana amayankha."

Ndinangoyang'ana nyerere zikudutsa pa bondo langa.

"Kwa achimwene ndituma munthu kuti asavutike kubwera. Koma nkhunda za malemu muzibweze nokha. Madeya, kamchere pang'ono, madzi oyera. Mukhale pomwepo zizikuonani, ndipo pakamwa mutseke. Zikamva mawu okwera sizitera."

Ndinakhala. Tsiku loyamba palibe ndi nthenga yomwe. Anzanga a kabaza ankadutsa dala pamsewu akuliza mabelu. "Asoja! Nkhondo yatha kodi? Chitini chagonja?" Magazi ankawira mpaka m'makutu, ine n'kungoluma mlomo. Tsiku lachiwiri ziwiri zinatera mumtengo wa mango, kundiyang'ana chammbali, n'kuuluka (sindikuzida, nanenso sindikanadzikhulupirira).

Tsiku lachitatu Nambewe anabwera mwakachetechete kudzakhala pambali panga. Anatenga dzanja langa, lomwe lija linkanyadira kulemera kwa chitsulo, n'kuliika pamimba pake. Mwana anakankha. Aka kanali koyamba ine kumumva. Ndinafuna kukuwa kuti mudzi wonse udziwe, koma Nambewe ananditseka pakamwa n'kuloza ndi maso. Nkhunda yoyera inali itatera palata. Kenako ina. Dzuwa likupendeka zinali zisanu ndi ziwiri, ndipo patali ndinaona apongozi ataima ndi ndowa pamutu, akuyang'ana kukhola. Zotsalazo mpaka lero zili ku Zambia, zopanda pasipoti.

Mfuti ili kwa apongozi. Anatuma Nambewe kudzandiuza kuti adzandibwezera ndikadzakula. Ndisaname, ndimaisowa, dzanja limakumbukirabe kuzizira kwake. Mtima wapachala nawo sunathe. Dzulo lomweli tcheni cha njinga chinaduka ndili pabwalo, ndachedwa kale kuboda, mwana ali tulo kumsana kwa mayi ake. Ndinachitukwana bwinobwino tchenicho, kuyambira agogo ake mpaka adzukulu. Koma monong'ona.