Dimba Lozungulira Ngati Lichero

Lolemba, 14 Julaye

Tsiku lalikulu! Adada adula pakati waya wakale wotchingira nkhuku. Mamita 44 anga, mamita 44 a Wezi, mlongo wanga wa Giredi 6. Aliyense atchinge dimba lakelake pafupi ndi dimba lawo kumtsinje. Lamulo la adada: "Pa Sabata nibwela kuzaona. Amene ndiwo zake zili moyo, malo ni ake. Wolephela abweza."

Wezi akuvina pabwalo. Ine ndikusekera mumtima. Sakudziwa kuti sabata yathayi taphunzira perimita ndi eriya.

Masamu kuseri kwa kope:
- sikweya, 11 ndi 11: masikweya mita 121
- rekitango, 14 ndi 8: 112 basi
- chozungulira, mamita 7 kuchokera pakati kufika m'mphepete: 154!

Waya yemweyo, malo ochuluka. Kwathu kuno kwa Mwase konse palibe anaganizapo zimenezi. Anthu akhala akutaya malo m'makona kuyambira kalekale, akudikira ine.

Lachiwiri, 15 Julaye

Chozungulira changa chikukana kukwana kumtsinje. Uku kuli chulu, uku nthochi za adada. Ndikusunthira kumtunda, m'mbali mwa njira yopita kunyumba. Chitsime chatsala patali ndithu, koma nzeru sizimva ludzu.

Zida:
- chikhomo cholimba, pakati penipeni
- chingwe choyanikira zovala cha amama, mamita 7 ndendende (sanadziwebe)
- kamtengo kosongoka kolembera pansi

Ndikuzungulira chowerama, chingwe chili gwa. Mzere ukukumana bwinobwino pomwe unayambira. Kukongola kwake! Ndayima pakati ndekha ngati mfumu.

Odutsa m'njira sakundisiya. Mayi wina wosenza nkhuni: "Monile mwana wanga. Vimbuza ni liti, tibwele na ng'oma?" Bambo wa panjinga: "Khola la mbuzi kapena la nkhumba?" Ine ndikupitiriza ntchito yanga. Kuno chilichonse chozungulira ndi khola, nkhokwe kapena bwalo lovinira. Maganizo akale.

Lachitatu, 16 Julaye

Mitengo ndakumbira. Waya ndakulunga. Wakwana ndendende, osatsala ngakhale chikhatho! Ndikumanga mfundo yomaliza, ndikupukuta thukuta, ndikuyang'ana uku ndi uku.

Ndili mkati.

Khomo mulibe. M'buku la masamu zozungulira zonse zilibe khomo, ndiye ine ndikanalikumbukira bwanji?

Wezi wayima panja ndi ndowa pamutu. "Achimwene, nikubweletseleni bulangeti momwemo?"

Ndikukwera waya mwaulemu wonse. Buluku la yunifolomu lang'ambika kumbuyo. Utali wa chibowo: masentimita 9. Eriya yake sindikufuna kuidziwa.

Lachinayi, 17 Julaye

Kusukulu ndakhala tsiku lonse juzi ili m'chiuno. Pobwera ndikuzembera kukaona dimba la Wezi, kuti ndimumvere chisoni.

Mwana uyu! Watsamiritsa dimba lake kumpanda waudzu wa adada. Mbali imodzi yaulere. Waya wake watchinga mbali zitatu zokha: 11, 22, 11. Chitseko waboola mumpanda wa adada momwemo, ndipo chitsime chili pamphuno pake.

22 kuchulukitsa ndi 11.

Ndikuwerengera pamchenga: 242. Ndikufufuta ndi phazi, ndikuyambiranso: 242. Kachitatu ndikuwerengera pang'onopang'ono, mwina nambala ingandimvere manyazi. 242.

Ndikumufunsa ngati wocheza chabe kuti anagwiritsa ntchito njira yanji. "Njila? Mpanda unalipo kale. Nitchingilenji kawili?"

Aphunzitsi anati chozungulira chimaposa zonse. Zoona. Koma sanatiuze za ana okhala ndi mpanda wa atate awo.

Lachisanu, 18 Julaye

Mayeso a perimita ndi eriya: 10 pa 10! Aphunzitsi: "Mnyamata uyu azafika patali." Ndafikadi patali: kuchitsime maulendo 14, kheni kudzanja, mapewa akuyaka moto.

Zomwe zachitika:
- khomo ndatsegula, lomanga ndi luzi
- mizere ndapanga. Wapakati wautali ngati msewu, wam'mphepete waufupi ngati mphasa ya mwana
- mbande za repu ndawokera zonse
- ndazifunditsa udzu kuti zisafote

Chikhomo ndi chingwe ndazisiya pakati pomwepo. Chikumbutso. Tsiku lina ana asukulu adzabwera kudzaona pomwe zinayambira.

Mtima wakhala pansi. Adada sananene za kukula kwa malo. Anati ndiwo zikhale moyo. Masiku awiri okha. Ngakhale ine sindingaphe repu m'masiku awiri.

Loweruka, 19 Julaye

Amama andituma kuchigayo. Mzere wautali, ndabwera dzuwa litapendeka. Pakhonde pali njinga yachilendo. Asibweni, achimwene awo a amama, afika kuchokera ku Mphamba. Abweretsa mbuzi yaikazi kuti tiziwasungira.

Akundigwira dzanja ndi manja awiri, nkhope yowala. "Mphwanga, khola lija akuti wamanga ndiwe? Sukulu ni yabwino! Chikhomo chilipo, chingwe chilipo, na udzu waikilatu. Nangomangilila chabe."

Thumba la ufa pansi. Liwiro!

Mbuzi yagona pakati, mimba ngati ng'oma, ikubzikula mosatekeseka. Udzu yadya. Repu yadya. Ndikuzungulira m'mphepete chokwawa, kufunafuna tsamba limodzi lokha loti ndidzaonetse adada. Palibe. Chingwe ndi mamita 7, dimba ndi mamita 7. Paliponse pomwe ndinadzala, mlomo wake wafikapo.

Ndikanalakwitsa muyeso ndi chikhatho chimodzi, mzere wam'mphepete ukanapulumuka. Ndikanamanga sikweya, makona anayi akanatsala. Koma ayi. Ine ndi wa 10 pa 10.

Lamulungu, 20 Julaye

Tabwerako kutchalitchi. Adada akuyendera minda, manja kumbuyo, ife tikutsatira. Kwa Wezi: repu wayimirira ngati ana a kwaya. "Malo ni ako, mama."

Kwa ine. Akuzungulira kamodzi. Akugwedeza mtengo, sukusuntha. Akukoka waya, ali gwa. Akuyang'ana mbuzi, mbuzi ikuwayang'ana.

"Dimba palibe. Malo wabweza." Akugwiranso waya. "Koma khola ili, a Phili amene sangamange lotele. Lisaphwasulidwe. Mbuzi zonse zizigona muno."

A Phiri ndiwo mmisiri wa makola m'mudzi muno, ndiye mwina ndayamikiridwa. Sindikudziwa.

Ntchito zanga zatsopano:
- kutsegulira mbuzi m'mawa
- kusesa khola
- kututa manyowa kupita nawo kudimba la Wezi

Amama akufuna chingwe chawo. Buluku silinasokedwe. Wezi akuti ndimuwerengere kuti mabeseni angati a manyowa akwanira dimba lake, "poti masamu mumawadziwa."

Madzulo ano ndakhala pamwala, kope pamwendo. Mbuzi ikuyenda mozungulira chikhomo, chingwe chili gwa, monga ndinkachitira ine Lachiwiri. M'mudzi monse ndi yokhayi yomwe yamvetsa pulani yanga. Masikweya mita 154, osasiyako ngakhale imodzi.

Ndaichongera.