A Zachepa ndi Kagetsi ka M'bafa

Mumsewu mwathu munalibe munthu wosadziwa kuti apongozi anga aamuna sankaitana mmisiri. Chitseko chiguluke, mpope uphulike, denga lidonthe, iwo ankangosuzumira pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti zachepa. Mawuwo anasanduka dzina, mpaka ana ankayesa kuti ndi la ubatizo. Ntchito yawo inali utelala, ndipo pa singano analidi katswiri. Shopu yawo inali kachipinda kogundana ndi nyumba, khomo loyang'ana kumsewu. Vuto linali lakuti ankakhulupirira kuti chilichonse padziko pano chinachita kusokedwa. Waya wa magetsi ankati ndi ulusi womwewo, kungoti wonenepa.

Mkazi wanga, poona kuti amayi ake akuvutika kunyamula ndowa za madzi otentha, anawagulira shawa yamagetsi n'kutumizanso wamagetsi kuti akaiike. A Zachepa anamulandira bwino munthuyo, kumupatsa mpando, kumuyeza m'chiuno, n'kumuuza kuti thalauza limene wavala likumuchotsa ulemu, abwere Lachisanu adzatenge lina. Munthu uja anatuluka akuthokoza, ataiwala chimene anadzera. Pofika madzulo a Zachepa anali ataipachika kale shawayo okha.

Shawa zoterezi zimakhala ndi swichi yakeyake kudenga, yokoka ndi chingwe, ndipo pa swichipo pamakhala kagetsi kofiira kosonyeza ngati moto ukupita ku shawa kapena ayi. Ka apongozi kanayaka tsiku loyamba osazimanso. Ukoke chingwe, kali psuu. Ukokenso, kali psuu. Amayi ankalowa m'bafa osadziwa ngati akuyatsa kapena akuzimitsa, ndipo yankho ankalimvera pamsana, madzi ozizira atawamenya kale. Atadandaula, bambo anati magetsi a anthu ena ndi aulesi, koma kawo n'kokhulupirika.

Komabe mumtima zinawapweteka. Tsiku lina anakwera pampando n'kusinthanitsa mawaya, ndipo wina atapezeka wamfupi anachita zimene telala aliyense amachita nsalu ikaperewera: anaika chigamba, chochokera ku waya wa m'shopu. Kagetsi kaja kanayamba kuphethira ngati munthu amene walowa chitsotso m'diso. Choposa apo, munthu akangokoka chingwe m'bafa, makina osokera ankaima. Msewu wonse unadziwa kuti makina akati zii, kwa a Zachepa wina akusamba. Ogulitsa makala pakona ankachita kuuzana kuti lero amayi achedwa.

Zinafika povuta m'mawa wina wa ukwati. Mkwati anali m'shopu ndi amalume ake, galimoto ikulira panja, jekete itatsala mkono umodzi, makina n'kuima. Tsono amayi sasamba mothamanga, ndipo nyimbo ya kutchalitchi akaiyamba sadumpha ndime. Amalume aja anazungulira kuseri, chipewa m'manja, n'kukaima pawindo la bafa atalozetsa nkhope kwina.

"Amayi, pepani, ndife a ukwati. Kwatsala mkono umodzi wokha."

"Kunonso kwatsala mkono umodzi," anatero amayi. "Dikirani."

Bambo anamalizitsa ndi manja, akuthamanga m'mbali mwa galimoto, mkwati atatulutsa phewa pawindo. Amene anapita ku ukwatiwo amati msokowo unali wowongoka kuposa wa mkono winawo.

Pofuna kuthetsa madandaulo, bambo anakasokera kagetsi kaja kachipewa ka nsalu yakuda, kokhala ndi lasitiki. Lamulo linali lakuti ukatha kusamba ukaveke chipewa, ndiye kuti kazima. Mlendo aliyense ankaphunzitsidwa. Ine mkamwini, amene sindinkawayang'ana n'komwe m'maso, ndinapezeka ndaima nawo m'bafa mapewa akugundana, ndikuveka ndi kuvula chipewa mpaka anakhutira kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi chitsiru.

Kenako m'bafamo munayamba kumveka kafungo ngati ka nsomba yopserera. Bambo ananamizira mphika wa aneba, kenako mphaka, ndipo tsiku lina anayang'anitsitsa nsapato zanga. M'mawa wina amayi atakoka chingwe, swichi yonse inatsika n'kuwagwera m'manja, yakuda, yofewa ngati phula, kachipewa kakufuka utsi. Sanakuwe. Anavala, analongedza chikwama, n'kubwera kwathu. Anauza mkazi wanga kuti anapirira zambiri m'nyumba muja, koma sanakwatiwe kuti adzawotchedwe ali chinyowere.

Apa nkhani inasiya kuseketsa, makamaka kwa bambo. Tsiku lililonse ankatulukira kwathu ndi chifukwa chatsopano. Lero aona batani la malaya anga likugwedera, mawa akufuna kuyeza makatani. Amayi ankawapatsa moni wa alendo, kuwafunsa za kunyumba ngati sanafikeko. Bambo analumbira kuti akonza bwinobwino ulendo uno.

"Ndibwerera wamagetsi akalowa m'bafa muja," anatero amayi. "Ndi makwerero ake, osati kudzayezedwa."

Bambo anapita kwa munthu uja n'kumuuza kuti maso ayamba kuvuta, akufuna womugwirira zida. Wamagetsi anabwera atavala thalauza lija. Atakwera n'kusuzumira kudenga, anapeza mawaya omangidwa mfundo zaudongo, ena atapindidwa mpendero, n'kutsika kukakhala pa ndowa. Kenako anazimitsa magetsi a nyumba yonse n'kuyamba kuchotsa chilichonse. Bambo anaima pansi akulangiza, iye akuyankha kuti chabwino bambo, uku akuchita zina. Dzuwa likupendeka anakoka chingwe, kagetsi kanayaka. Anakokanso, kanazima. M'shopu makina ankangosoka osaima. Bambo anauza anthu amene anadzaza pakhonde kuti munthuyu ali ndi mutu, akapitiriza kumvera adzakhala mmisiri.

Amayi anabwerera tsiku lomwelo. Bambo anawanyamulira chikwama, akuyenda pambuyo pawo, ndipo kanali koyamba kuwaona akudutsa msewu wonse osalangiza munthu.

Bambo anatisiya chaka chatha, atangodwala pang'ono. Anamwino amati mpaka tsiku lomaliza ankapempha sikuludiraiva yoti akonzere bedi la wodwala mnzawo, lomwe linalibe vuto lililonse. Pamaliro anthu anasefukira mpaka mumsewu, ndipo amene ankalira kwambiri ndi omwe anawaonongerapo mawailesi.

Masiku ano chinthu chikaonongeka timaitana woyenera, amakonza, amapita, ndipo palibe amene amatuluka kudzaonerera. Khomo la shopu ndi lotseka. Posachedwapa ayironi yathu inasiya kutentha, ndipo ndinangozindikira ndaima pakhomo pa apongozi, chingwe chake chikulendewera m'manja mwanga. Amayi anatsegula, anayang'ana ayironi, anandiyang'ana ine.

"Mupite nayo kwa mmisiri, akamwini," anatero. Kenako anakoka mpando wa pakhonde n'kuupukuta ndi m'manja. "Koma khalani kaye pansi, mundifotokozere mmene yayambira. Pakhomo pano papita nthawi osamva munthu akudandaula za chinthu chake."