Nsapato Zanu Sizidzanyowa, a Tcheyamani

Chikweo, Machinga
14 Disembala, 1978

Kwa olemekezeka a Tcheyamani a dera lathu,

Bambo, ndagwada. Mwina dzina langa simulidziwa, koma khosi langa mumalidziwa bwino. Ndine Hamadi, uja amakuberekani pokuwolotsani pamtsinje mukamabwera kudzachititsa msonkhano kutsidya kuno. Ndati ndikuthokozeni pagulu, poti anthu ena sayamika.

Choyamba, zikomo chifukwa cha ukhondo. Chaka chachitatu chino nsapato zanu sizinalaweko madzi. Ansanje amati kumeneko ndi kunyada, koma ine ndimawayankha kuti iyayi, munthu wa matope m'miyendo angalankhule bwanji za chitukuko? Ndikuonanso kuti udindo wakuyanjani. Ulendo wathawu mawondo anga anachitira umboni.

Chachiwiri, zikomo chifukwa choona patali. M'mwezi wa Juni munatikumbutsa kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe, tidule mitengo timange ulalo. Tinadula, a kumzikiti ndi a kutchalitchi pamodzi, mitengo makumi awiri, mapewa kuchita kusupuka. Ife mbuli tinkaganiza kuti mitengoyo igona pamwamba pa madzi. Inu munaiimika pabwalo, n'kukhala nsanja yoti muzikhalapo amayi akamavina. Ndi nsanja yokongola zedi. Masiku opanda msonkhano mbuzi zimausapo mvula, ndipo nazonso zikuthokoza.

Chachitatu, kuleza mtima kwanu. Mayi Dorica, azamba athu, atafunsa pamsonkhano kuti ulalo uja uli pati, simunakalipe ayi. Munangomwetulira n'kuyambitsa nyimbo. Ife tinavomera mokweza, m'manja kuwomba, ndipo mpaka lero tikudikira kuti nyimboyo ithe timve yankho.

Tsopano kadandaulo kanga, kochepa ngati njere ya thonje. Mwana wanga Lukiya ali ndi pakati poyamba, miyezi yakwana isanu ndi itatu. Mayi Dorica amuona, ndipo akuti mwanayo wagona chopingasa, iwo paokha sangathe, akachirire kuchipatala basi. Chipatalacho chili tsidya lanu. Dzana madzi anandifika m'chiuno, ndipo Januwale akalowa amafika pachifuwa, monga mumaonera muli pakhosi panga paja. Kunena mosabisa, bambo, ndili ndi mantha. Mayi ake a Lukiya anatisiya chimodzimodzi, tili nawo pagombe la mtsinje womwewu kudikira kuti madzi aphwe.

Sindikunena kuti nsanja igwetsedwe. Ndine yani ine? Kungoti msana wangawu, pokutumikirani mokhulupirika, wayamba kukana, ndipo machira safuna munthu mmodzi. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Choncho tsiku la Lukiya likafika ndidzatumiza uthenga, mudzatigwirire mbali imodzi ya machira, kamodzi kokha. Mudzagwire kutsogolo, malo oyenera mtsogoleri. Musade nkhawa ndi kulemera, Lukiya ndi mwana wakeyo pamodzi sakufika pa inu. Ine ndikudziwa, ndanyamulapo nonse.

Mukaona kuti madzi a Januwale akuzizira, mitengo makumi awiri ija ikadali yolimba, ndipo nkhwangwa zathu n'zonola kale. Mungotsika pansanjapo, zotsalazo tichita tokha tsiku limodzi.

Koma mukasankha machira, nsapato ndidzakusungirani ine ndemwe, ndidzazisenza pamutu. Sizidzanyowa.

Ine wanu wokuberekani nthawi zonse,
Hamadi Sufiyani